Wamva M'mimba Ndiye Atsekula Chitseko

Makolo athu, amene ankagona m'nyumba zofolera udzu pakati pa thengo la afisi, nadziwa bwino kuopsa kwake kwa kutuluka pabwalo usiku wamdima, anatisiyira mwambi wakuti wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Potero ankatanthauza kuti ngakhale m'nyumba mutagona anthu khumi, amene adzadzuke, nadzapapasa mpiringidzo mumdima, nadzakumana ndi chisanu cha kunja, ndi yekhayo amene ululu wam'gwira. Enawo adzangotembenuka pamphasa ndi kukoka chofunda, pakuti tulo ta munthu wosamva kuwawa n'tokoma. Mwambi umenewu uyenera kukumbukika nthawi iliyonse imene wailesi yalengeza madzulo kuti kuyambira pakati pa usiku mtengo wa dizilo wakwera, chifukwa m'dziko lathu lino la Malawi, mmene mchere, mankhwala, feteleza ndi nsalu zimatifikira pa matayala, alipo munthu mmodzi amene uthenga wotere umam'lasa usanakhudze wina aliyense, ndiye dalaivala. Ena a ife timamva nkhaniyo, tipukusa mutu, tidya nsima, tikagona. Koma iye amagona akuwerengera, ndipo tambala asanalire amakhala ali kale pamalo omwetsera mafuta, ndalama za dzulo zili m'manja, pamene mtengo wolembedwa pampu uli wa lero.

Tiyambe tazindikira chifukwa chake dizilo ali ndi ulemerero woposa mafuta ena, pakuti ambiri amam'tchula pamodzi ndi petulo monga ngati n'chinthu chimodzi. Petulo, kawirikawiri, amayendetsa galimoto zing'onozing'ono ndi njinga zamoto za akabaza. Koma dizilo ndiye mafuta a thukuta, amene amakoka malole a fodya popita ku Kanengo, ku Limbe, ku Chinkhoma ndi ku Mzuzu, amayendetsa mabasi ndi maminibasi ambiri, amatembenuza chigayo m'mudzi umene mawaya a magetsi sanafike, amalimitsa thirakitala m'minda ya nzimbe ku Nchalo ndi ku Dwangwa, amayatsa jenereta pachipatala magetsi akazima mayi ali pampeni, ndiponso amakankha sitima ya Ilala podutsa mafunde kupita ku Likoma. Chifukwa chake dizilo akakwera, mtengo wa chinthu chilichonse chimene chiyenera kunyamulidwa, kugayidwa kapena kulimidwa umadzuka naye pamodzi. Ndipo popeza palibe m'nyumba mwathu kanthu kamene sikananyamulidwepo, tingathe kunena mosakayika kuti m'mbale iliyonse ya nsima imene mwana wa m'tauni amadya muli kadontho ka dizilo kamene bambo ake analipira osakaona.

Tsono dziko lathu Mulungu analipatsa nyanja yokongola, mapiri ndi nthaka yobala, koma sanalipatse doko la kunyanja yamchere, ndiponso m'nthaka yake simutuluka mafuta a galimoto. Kotero dontho lililonse la dizilo limene timathira m'thanki limatsika m'sitima pa madoko a eni, makamaka ku Beira ndi ku Nacala m'dziko la Mozambique, kapena ku Dar es Salaam m'dziko la Tanzania. Mlandu wa kunyamula katundu kuchokera kugombe ndi wakale pakati pathu. Azigogo athu anali amtengatenga, amene ankasenza mitolo ya Azungu pamutu kuchokera kumtsinje wa Shire kukwera mapiri mpaka ku Blantyre, ndipo pa nkhondo yoyamba ya dziko lonse ambiri a iwo anagwa m'njira osaonanso kwawo. Pambuyo pake njanji inafika ku Blantyre mu 1908, mlatho waukulu wa Dona Ana unawoloka Zambezi mu 1935, ndipo mu 1970 njanji yathu inalumikizana ndi ya ku Nacala. Koma nkhondo yapachiweniweni ya ku Mozambique, m'zaka za m'ma 1980, inadula njira zimenezi, ndipo katundu wa dziko anatsika m'sitima nakwera malole, kumene gawo lake lalikulu likali mpaka lero. Dalaivala wa thiraki, tsono, ndiye wolowa m'malo mwa mtengatenga, wosenza mtolo wa fuko lonse. Ndipo monga zinaliri ndi agogo akewo, dzina lake silitchulidwa pamene eni katundu akuwerenga phindu.

Mtengo umene iye amaupeza pampu umaumbidwa ndi manja ambiri, ndipo palibe ngakhale limodzi mwa manjawo limene lili lake. Choyamba pali mtengo wa mafuta pamsika wa dziko lonse, umene umagwedezeka ndi nkhondo za mafumu akutali, monga zinachitikira mu 2022 pamene Russia inalowa ndi nkhondo m'dziko la Ukraine, mgolo umodzi wa mafuta osayenga n'kupyola madola 100. Chachiwiri pali ndalama yogulira, pakuti wogulitsa mafuta salandira kwacha, amafuna dola. Ndipo ife madola timawapeza pogulitsa fodya, tiyi, shuga ndi mbewu zina, zimene zonse pamodzi sizifikira pa mtengo wa zinthu zomwe timaitanitsa kunja. Apa m'pamene pagona muzu wa matendawa. Kwacha inachepetsedwa mphamvu mu Meyi 2012, inachepetsedwanso ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Ndipo patangopita masiku ochepa kuchokera pa kugwa kotsirizaku, bungwe la MERA, limene lamulo linalipatsa udindo woika mitengo ya mafuta, linakweza dizilo kuchoka pa K1,920 kufika pa K2,734 pa lita. Mu Okutobala 2025 mtengowo unafika pa K3,500. Pamwamba pa zonsezi pali mtengo wonyamulira, umene nawonso uli ndi chodabwitsa chake, pakuti galimoto yobweretsa dizilo imamwa dizilo yemweyo pa ulendo wa makilomita oposa 800 kuchokera ku Beira, kapena oposa 1,500 kuchokera ku Dar es Salaam kufika ku Lilongwe. Ndipo pali misonkho yoikidwa pa lita iliyonse, monga wokonzera misewu ndi wofikitsira magetsi kumidzi.

Tiyeni tsopano titsike kuchoka ku manambalawa, tikaime pa depoti ya ku Lilongwe, kapena pa Wenela, kapena pa siteji ya ku Limbe, kuti tione mmene mtengowo umasandukira msozi. Madalaivala ambiri a minibasi sayendetsa galimoto zawo. Galimoto ndi ya bwana, ndipo pangano lake n'lakuti madzulo aliwonse dalaivala apereke ndalama yoikika, imene iwo amaitcha tageti, mvula igwe kapena dzuwa liwale. Pa ndalama zimene okwera alipira tsiku limenelo, choyamba kuchoka ndi mafuta, kenaka tageti ya bwana, kenaka ya kondakitala ndi ya oitanira, ndi ya pachipata cholipiritsa ngati ulendo ukudzera pa Chingeni kapena pa Kalinyeke. Ndipo chotsala, ngati chilipo, ndicho chimene amapita nacho kwa mkazi wake ndi ana. Tiyerekeze kuti minibasi imamwa malita 30 patsiku: kukwera kwa K814 pa lita, monga kunachitikira mu Novembala 2023, kutanthauza K24,420 yowonjezera tsiku lililonse, imene iyenera kutuluka penapake dzuwa lisanalowe. Mwini malo omwetsera mafuta sangachotsere, bwana safuna kumva za kutsitsa tageti chifukwa nayenso matayala ndi zipangizo zam'kwerera, kotero mtolo wonse umatsetserekera kwa iye amene amadya zotsala. Wowerenga Malembo adzakumbukira ana a Israeli m'dziko la Igupto, amene analandidwa udzu woumbira njerwa koma chiwerengero cha njerwa chinakhala chomwecho. Ndipo sindidziwa fanizo lina loyenera moyo wa dalaivala wa tageti m'mwezi umene dizilo wakwera kuposa limeneli.

Akati akweze mtengo woyendera, monga ayenera kuchitira kuti asagone ndi njala, pamenepo mlandu wina umabuka, ndipo umabukira pakhomo pa minibasi. Mayi wa geni amene wasenza dengu la tomato kuchokera ku Lizulu, mlonda amene wachezera usiku wonse pa geti la mwini, mphunzitsi amene malipiro ake sanasunthe, onsewa amamva mtengo watsopano kuchokera pakamwa pa kondakitala, ndipo mkwiyo wawo, umene sungathe kufika ku Moscow, kapena kwa eni zitsime za mafuta a ku Arabia, kapena m'zipinda zimene mphamvu ya kwacha imagamulidwa, umatsikira pa anyamata awiri amene ali pafupi. Amatchedwa akuba, adyera, opanda umunthu. Ndipo iwo, amene m'mawa womwewo aona ndalama zawo zikumezedwa ndi pampu, amabweza mawu owawa, kotero kuti osauka awiri amayamba tsiku akutukwanizana chifukwa cha mlandu umene onse awiri sanaupalamule. Akale ankati nkhuyu zodya mwana zimapota wamkulu, poona kuti kholo ndilo limalipira zolakwa za mwana wake. Koma pa nkhani ya mafuta taona nkhuyu zodya akuluakulu zikupota ana. Pamapeto pake okwera ena amangoganiza zoyenda pansi kuchokera ku Ndirande kapena ku Kawale kupita kuntchito, ndipo minibasi imaima nthawi yaitali pasiteji isanadzaze, maulendo a tsikulo n'kuchepa, tageti ili chiimire.

Koma choopsa koposa, chimene chiyenera kutidetsa nkhawa tonse, n'chakuti mtengo wa dizilo umalowerera mpaka mumtima wa munthu ndi kuyesa chikumbumtima chake. Dalaivala amene akuona dzuwa likupendeka ndalama ya bwana isanakwane amayamba kumva mawu a woyesa: kuti pampando wa anthu atatu akhazikepo anayi, kuti athamange alande okwera pasiteji yakutsogolo mnzake asanafike, kuti potsika phiri achotse giya galimoto iziyenda yokha kuti apulumutse kadontho, kuti tayala lotha lidikire mwezi wamawa, ndi kuti tulo alimbane nato pachiwongolero m'malo mopumula. Amene anatsikapo pa Chiweta, kapena pamsewu wokhotakhota wotsikira ku Golomoti, kapena pa zitunda zotsikira ku Chikwawa, adziwa kuti pamalo otere galimoto yolemera yodalira mabuleki okha ili pakamwa pa manda. Kuthamanga sikufika, anatero makolo. Ndipo palibe lita ya dizilo imene mtengo wake ungafanane ndi moyo wa mwana mmodzi wokhala pamiyendo pa amake. Winanso amayesedwa kupopa mafuta m'thanki ya bwana wake ndi kuwagulitsa m'mbali mwa msewu. Kwa iye mawu a akuluakulu ndi akuti ukasauka usagwire nyanga, pakuti umphawi umatha koma dzina la wakuba limatsata munthu mpaka kwa adzukulu. Zimenezi n'zolakwa, ndipo tiyenera kuzitchula kuti n'zolakwa. Komabe woweruza wolungama, asanagamule, amafunsanso za amene anaika munthuyo pamphepete pa phompho.

Nanga tinene chiyani za iye wa maulendo aatali, amene amatsanzika ana ake akugona, nawoloka pa Mwanza kulowera ku Tete, kapena pa Songwe kulowera ku Mbeya, osadziwa tsiku lobwerera? Iye amagona m'galimoto, amaphika pambali pa tayala, amadikira masiku kudoko kuti apatsidwe katundu, ndipo pamene madola asowa kumudzi kudikirako kumatalika, ndalama ya kamba imene anapatsidwa ponyamuka n'kutha iye akali m'dziko la eni. Mafuta a paulendo amayezedwa ndi bwana mpaka lita yotsiriza, ndipo akaperewera chifukwa cha msewu woipa kapena mzere wa pachipata, kawirikawiri mlandu umagwera dalaivala. Taonani tsono chodabwitsa cha ntchito yake: kumbuyo kwake wasenza malita oposa 30,000 a mafuta amene mzinda wonse ukuwayembekeza, chuma chimene iye sangachipeze ngakhale atagwira ntchito zaka zambirimbiri, pamene kunyumba kwake mkazi wake akupempha ngongole ya ufa pa okala. Munthu wotere, amene wapatsidwa kusunga chuma chachikulu chotero pa malipiro ochepa chotere, nafika nacho chathunthu, ayenera kulandiridwa ndi ulemu umene timapereka kwa nkhoswe yokhulupirika.

Pano wina angati: ngati kukwera kwa mtengo kuli kowawa motere, bwanji boma lingougwira kuti usasunthe? Funsoli n'lochokera mumtima wachifundo, koma mbiri yathu yomwe yaliyankha kale. Kuyambira kumapeto kwa 2023 kufikira mu 2025 mtengo wa dizilo unakhala pa K2,734 osasuntha, komabe m'miyezi yambiri ya nthawi imeneyo mafutawo sankapezeka, chifukwa oitanitsa ankasowa madola, ndipo mtengo wogulitsira sunkabweza zimene awononga. Madalaivala anagona pamizere usiku ndi usana, galimoto zitandandalika m'mbali mwa misewu, ndipo tsiku lililonse la pamzere linali tsiku lopanda okwera, lopanda malipiro. Amene sakanatha kudikira ankagula mafuta a m'zigubu kwa ogulitsa mobisa, pamtengo woposa kutali wa boma, nthawi zina osakanizidwa ndi zinthu zowononga injini. Mtengo wotsika wolembedwa pa pampu youma sudyetsa mwana. Ndipo amene ali ndi zaka akumbukira kuti kusowa kwa mafuta ndi ndalama zakunja kunali pakati pa madandaulo amene anatulutsa anthu m'misewu pa 20 Julaye 2011, pamene miyoyo pafupifupi 20 inatayika. Walira mvula walira matope: fuko limene lifuna kuti mafuta azipezeka tsiku lililonse liyenera kuvomera kulipira mtengo wake weniweni, ndipo chotsalira kwa ife ndicho kuonetsetsa kuti matopewo asaunjikidwe pakhomo pa munthu mmodzi.

Pakuti ululu umene wadzutsa dalaivala lero sukhala mwa iye yekha nthawi yaitali. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Sabata isanathe, mpunga wa kilombero wochokera ku Karonga, mbatata ya kachewere ya ku Tsangano, usipa wa ku Mangochi ndi nthochi za ku Thyolo zimafika pamsika zitavala mtengo watsopano. Mwini chigayo amakweza ndalama yogayitsira. Thumba la feteleza limafika kumudzi litalemera ndi ndalama ya mayendedwe. Ndipo mlimi amene akufuna kugulitsa chimanga chake amauzidwa ndi wogula kuti mtengo autsitsa chifukwa galimoto yam'dyera zambiri, kotero kuti wakumudzi amapwetekedwa kawiri, pogula ndi pogulitsa. Kumidzi yakutali, kumene matola imodzi ndiyo imalumikiza anthu ndi chipatala, kukwera kwa mtengo woyendera kumachititsa kuti wodwala adikire kaye kunyumba aone ngati mawa kudzacha bwino, ndipo kudikira kotere kwatengera ambiri kumanda. Amene ankayesa kuti nkhani ya dizilo ndi ya eni galimoto okha amadzazindikira mochedwa kuti nayenso, ngakhale sanagwirepo chiwongolero chibadwire, wakhala akulipira pampu tsiku ndi tsiku.

Tichitenji tsono, ife a m'nyumba imodzi? Mutu umodzi susenza denga, ndipo aliyense ali ndi mbali yake yogwira. Kwa eni galimoto mawu ndi awa: pamene mafuta akwera, khalani pansi ndi wantchito wanu, muwerengere pamodzi, mugawane kutayako monga mumagawana msewu, mupatseni malipiro odziwika pamwezi, olembedwa papepala, kuti chakudya cha ana ake chisadalire zotsala za madzulo, pakuti dalaivala wokhuta ndi wogona mokwanira ndiye amasunga galimoto yanu ndi miyoyo ya okweramo. Kwa olamulira: nkhokwe za mafuta zimene bungwe la NOCMA linamanga ku Lilongwe, ku Blantyre ndi ku Mzuzu, zokwana malita 60 miliyoni, zidzazidwe m'masiku abwino monga anachitira Yosefe ndi tirigu, chifukwa nkhokwe yopanda kanthu siithandiza pa chaka cha njala, njanji ya ku Nacala ipatsidwe gawo lalikulu la mafuta, popeza sitima imodzi imanyamula katundu wa malole ambiri pamtengo wochepa, msonkho wa misewu umene dalaivala amalipira pa lita iliyonse uoneke pamsewu, pakuti dzenje lililonse limadya mafuta, tayala ndi nthawi, ndipo mtengo uzisinthidwa pang'onopang'ono, pa nthawi yake, ndi kufotokozera anthu poyera mmene wawerengedwera, m'malo mougwira zaka kenaka n'kuumasula tsiku limodzi. Koposa zonse, fuko liphunzire kugulitsa kunja zambiri kuposa fodya, chifukwa kwacha siidzalimba ndi malamulo kapena mapemphero okha pamene manja athu akutumiza zochepa ndi kuitanitsa zochuluka.

Kwa inu madalaivala, abale anga, amene mumadziwa dziko lino ndi maenje ake kuposa nduna iliyonse: sungani khosi, mkanda udzaoneka, gwirizanani m'mabungwe anu kuti mawu anu amveke pabwalo pamene mitengo ndi malipiro zikukambidwa, pakuti chala chimodzi sichiswa nsabwe, ndipo musalole kuti kuwawa kwa nyengo ino kukusandutseni ankhanza kwa nkhalamba yoperewera ndalama kapena osasamala za miyoyo imene yaikizidwa m'manja mwanu. Ndipo kwa ife okwera, amene timakhala kumbuyo ndi kuona msana wake wokha wa munthu wotinyamula, udindo wathu ndi wochepa koma ndi weniweni: tilipire mtengo woyenera popanda chipongwe, tikane kukhala wachinayi pampando wa atatu ngakhale tili pachangu, tim'dzudzule mwaulemu akathamanga, ndipo mafunso athu owawa tiwapereke kwa iwo amene tinawasankha kuti asamale chuma cha dziko. Mnzako akapsa ndevu m'zimire, mawa adzazima zako. Ndipo dziko lopanda doko, limene mpweya wake umadzera m'misewu itatu ya eni, lilibe mnzake wapafupi woposa munthu amene amayendetsa galimoto m'misewu imeneyo.